Mphamvu Ichokera Kuti? Mbiri ya Thupi la Munthu pa Maseŵera a Gofu

Munthu wodutsa mumseu wa pafupi ndi bwalo la gofu, kaya ndi ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, amatha kuima n'kumadabwa. Amaona munthu wa thupi lochepa ataima chete pa kapinga, ataŵerama pang'ono, ndodo ili m'manja. Mosayembekezera ndodo ija ikwera kumbuyo, itsika ngati mphezi, ndipo kampira koyera kauluka n'kukagwa mtunda woposa mabwalo aŵiri a mpira wa miyendo. Tsono abwere mnyamata wadzitho, wozoloŵera kusenza matumba a chimanga, ayese nayenso. Kampirako kangogubuduka mapazi oŵerengeka, mwinanso ndodo ingokumba dothi.

Kodi mphamvu imeneyi ichokera kuti? M'manja, m'mapeŵa, m'chiuno, kapena m'miyendo? Oseŵera, aphunzitsi, madokotala ndi akatswiri a sayansi akhala akutsutsana pa funso limeneli kwa zaka zoposa 300, ndipo yankho lake lakhala likusintha nthaŵi iliyonse pamene mpira kapena ndodo zasintha. Nkhani ya lero ikutsata mtsutso umenewu kuyambira pachiyambi pake. Ndi nkhani ya maseŵera, komanso ndi nkhani ya msana, chiuno ndi maondo, pakuti ziŵalo zimenezi ndizo zakhala zikulipira mtengo wa zikho zambiri.

Omvera amene gofu sakumdziŵa bwino angofunika kusunga mfundo zitatu. Mpira wake sulemera kuposa magalamu 46. Woseŵera amaumenya kuchokera poyambira kufikira utaloŵa m'kadzenje ka mamilimita 108 kukamwa kwake, ndipo amatero pa maenje 18. Wopambana ndi amene wamenya kochepa kuposa anzake. Pomaliza, zonse zimene zikambidwe pano zikunena za munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, amene poseŵera amalozetsa mbali ya kumanzere ya thupi lake kumene mpira ukupita.

Wophunzira udokotala wa ku Edinburgh

Gofu adakulira ku Scotland, m'mphepete mwa nyanja, pa malo a mchenga ndi udzu waufupi pamene mbeu sizinkachita bwino. M'chaka cha 1457, mu ulamuliro wa Mfumu James II, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idaletsa gofu pamodzi ndi mpira wa miyendo, chifukwa amuna ankanyalanyaza kuphunzira kuponya mivi, luso limene linkafunika poteteza dziko. Lamuloli lidabwerezedwa mu 1471 ndi mu 1491, koma anthu sadamve. Pofika 1502 Mfumu James IV mwini wake adagula ndodo za gofu kwa mmisiri wosema mauta wa ku Perth.

Malangizo akale koposa onse olembedwa a kamenyedwe ka mpira adachokera kwa munthu wophunzira za thupi. Mu Januwale 1687 Thomas Kincaid, amene ankaphunzira udokotala ku Edinburgh, adalemba maganizo ake m'buku losungiramo zochitika za tsiku ndi tsiku. Iye adaona kuti woseŵera ayenera kuima ngati munthu womenya nkhondo ya lupanga, maondo atapindika pang'ono, minofu ya miyendo, ntchafu ndi msana italimba. Adaonanso kuti mikono isagwire ntchito yambiri, pakuti mphamvu yonse ichokera pa kutembenuka kwa thupi. Mnyamata ameneyu adalibe kamera kapena makina oyesera, komabe adafika pa mfundo imene asayansi adadzaivomereza patapita zaka pafupifupi 300.

Oseŵera a masiku amenewo ankatsata zimene zipangizo zao zinkalola. Mpira udali wa chikopa chosoka, chophathikamo nthenga zoŵiritsa zokwana chipeŵa chachitali chathunthu. Mmisiri mmodzi ankatha kusoka mipira itatu kapena inai yokha pa tsiku, kotero mtengo wake udali wokwera, ndipo ndodo yachitsulo inkatha kuung'amba. Chifukwa cha ichi ankagwiritsa ntchito ndodo zazitali za mtengo, za mutu wosongoka. Woseŵera ankatangadza miyendo, nafumbata mpini m'zikhatho monga mlimi afumbatira khasu, nazunguza ndodoyo mozungulira thupi, chapansipansi, ngati wotchetcha udzu. Chidendene cha kumanzere chinkanyamuka, thupi lonse n'kupendekera kumbuyo. Mpira unkauluka motsika, ndipo zimenezi zinkathandiza pa mphepo yamkuntho ya kunyanja. Kamenyedwe kameneka kadatchuka ndi dzina la mzinda wa St Andrews, kumene chiŵerengero cha maenje 18 chidakhazikika mu 1764.

Mpira wa utomoni ndi zala za Vardon

M'chaka cha 1848 kudabwera mpira wopangidwa ndi utomoni wouma wa mtengo wa ku Malaya, wotchedwa gutta-percha. Udali wotsika mtengo ndiponso wolimba, moti sunkaopa chitsulo. Anthu wamba ambiri adayamba kuseŵera, ndodo zachitsulo kumutu zidachuluka, ndipo oseŵera adaphunzira kumenya mpira chotsitsa, mmalo mongousesa. Mu 1858 Allan Robertson adakhala munthu woyamba kumaliza bwalo la St Andrews atamenya kosafika 80. Iye adamenya ka 79. Patapita zaka ziŵiri, mu 1860, mpikisano wa Open udayamba ku Prestwick.

Amene adasintha kwenikweni kaimidwe ka thupi adali Harry Vardon, wobadwa mu 1870 pa chilumba cha Jersey. Vardon sadakulire ku Scotland, choncho sadatengere chizoloŵezi cha kumeneko. Ankaima mapazi atayandikana, nakweza ndodo chokwera pamwamba pa pheŵa, thupi lake likutembenuka pamalo amodzi mmalo mopendekera uku ndi uku. Mpira wake unkakwera m'mwamba n'kutera mofatsa pafupi ndi dzenje.

Chachikulu chimene dziko limamkumbukira nacho ndi kagwiridwe ka mpini. Iye ankaugwira ndi zala, nasanjika kachala kakang'ono ka dzanja lamanja pa chala chamkombaphala cha dzanja lamanzere. Si iye adayambitsa njirayi, pakuti Johnny Laidlay wa ku Scotland ankaigwiritsa ntchito kale, koma Vardon ndiye adaitchukitsa. Nzeru yake ndi yapafupi. Manja aŵiri akagwira motalikirana, lamphamvu limalanda ulamuliro ndipo mutu wa ndodo umafika pa mpira utapotoka. Akalumikizana, amapinda ndi kuongoka ngati mfundo imodzi. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma pa gofu zala khumi zosamvana zimaononga zambiri. Vardon adapambana mpikisano wa Open kasanu ndi kamodzi pakati pa 1896 ndi 1914, chiŵerengero chimene palibe wina adachifikapo. Thupi lomwelo lidamkhumudwitsanso: atadwala chifuwa chachikulu mu 1903, dzanja lake lamanja lidayamba kunjenjemera pomenya mpira wa pafupi ndi dzenje.

Kamera, mwendo umodzi ndi mpango

Kufikira nthaŵi imeneyi, katswiri aliyense ankaphunzitsa zimene ankamva m'thupi mwake. Vuto lidali lakuti chimene munthu amamva kuti akuchita sichifanana nthaŵi zonse ndi chimene akuchitadi. Mu 1904 George Beldam, katswiri wa kiriketi amene ankajambulanso zithunzi, adatulutsa buku la zithunzi za oseŵera otchuka ali mkati momenya mpira. Motero anthu adatha kuyerekeza mau a katswiri ndi zochita zake. Mu 1938 Harold Edgerton, wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, adajambula Bobby Jones ndi nyali yothwanima kambirimbiri pa sekondi imodzi, kotero njira yonse ya ndodo idaoneka pa chithunzi chimodzi.

Koma umboni wodabwitsa koposa udachokera ku nkhondo. Ernest Jones, mphunzitsi wa gofu wa ku England, adaduka mwendo wamanja m'munsi mwa bondo pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Atangochira, adaseŵera maenje 18 pa bwalo la Royal Norwich ataima ndi mwendo umodzi, namenya ka 83. Zimenezi zidampatsa maganizo akuti aphunzitsi ankasokoneza anthu poŵauza za bondo, chiuno ndi chigongono chimodzichimodzi. Kwa iye chofunika chidali kumva kulemera kwa mutu wa ndodo m'manja ndi kuuzunguza. Thupi lidzatsata lokha. Pophunzitsa ankamangirira kampeni kunsonga ya mpango n'kumauzunguza. Munthu akayesa kukankha mpangowo, umafota. Akauzunguza bwino, umakungika.

Apa ndipo padagaŵikana magulu aŵiri amene alipo mpaka lero. Ena amatsata nzeru ya Kincaid, yakuti thupi litsogole. Ena amatsata Ernest Jones, kuti manja amve ndodo ndipo thupi limvere.

Mpini wa chitsulo udzutsa miyendo

Mipini ya masiku amenewo inkasemedwa ku mtengo wa hickory wa ku America. Mtengowu ndi wolimba, koma umapotoka ukazunguzidwa mwamphamvu, kotero mutu wa ndodo unkatsalira m'mbuyo utatseguka. Woseŵera ankayenera kutembenuza manja msangamsanga kuti aubweze pa nthaŵi yake. Bobby Jones, amene mu 1930 adapambana mipikisano inai ikuluikulu ya masiku amenewo m'chaka chimodzi, ankaseŵera ndi mipini yotere. Ankatembenuza chiuno kwambiri, chidendene cha kumanzere chili m'mwamba, ndipo kamenyedwe kake kadali kodekha, kopatsa mpini nthaŵi yakuti uongoke.

Bungwe loyendetsa gofu ku America lidaloleza mipini yachitsulo mu 1924, ndipo la ku St Andrews lidatero mu 1929. Chitsulo sichipotoka ngati mtengo, choncho amene adapitiriza kutembenuza manja mwa kale ankaona mpira ukukhotera kumanzere. Byron Nelson wa ku Texas, wobadwa mu 1912, ndiye adapeza mankhwala ake. Adachepetsa ntchito ya manja, nayamba kutsitsa ndodo ndi miyendo: maondo onse aŵiri ali chipindire ankasunthira kumene mpira ukupita, manja n'kumangotsata. Mu 1945 adapambana mipikisano 18, ndipo 11 mwa imeneyi idali yotsatizana. Patsogolo pake, makina oyesera mipira ndi ndodo atapangidwa motengera kamenyedwe kake, adatchedwa Iron Byron.

Mnzake wa chaka chimodzi, Ben Hogan, adakulira m'dera lomwelo, ndipo onse aŵiri ali ana ankanyamulira ena ndodo pa bwalo limodzi ku Fort Worth. Hogan adavutika zaka zambiri ndi mpira wokhotera kumanzere, ndipo adauthetsa pomenya mipira mazanamazana tsiku ndi tsiku. Pa 2 Febuluwale 1949 galimoto yake idagundana ndi basi mu nkhungu pafupi ndi Van Horn ku Texas. Iye adadziponya pa mkazi wake Valerie kuti amteteze, ndipo kuteroko kudapulumutsanso moyo wake, pakuti chiongolero chidaboola mpando umene adakhalapo. Mafupa a m'chiuno adathyoka paŵiri; fupa la pansi pa khosi, nthiti ndi kakolo wa kumanzere zidathyokanso. Magazi ataundana m'mitsempha, madokotala adamanga mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima, ndipo kuyambira pamenepo miyendo yake inkatupa ndi kuŵaŵa. Komabe patangotha miyezi 16, ali ndi nsalu zokulunga miyendo, adapambana mpikisano wa US Open wa 1950 ku Merion. Mu 1953 adatenga zikho zitatu zikuluzikulu m'chaka chimodzi.

Mu 1957 Hogan adatulutsa buku lotchedwa Five Lessons, limene adalemba ndi Herbert Warren Wind, zithunzi zake zojambulidwa ndi Anthony Ravielli, katswiri wojambula minofu ndi mafupa. M'bukumo adauza woseŵera kuti ayerekeze galasi lalikulu lopendekeka, lochokera pa mpira n'kutsamira pa mapeŵa ake, ndipo mikono ndi ndodo ziyende kunsi kwake osaliswa. Adatsindikanso kuti ndodo ikafika pamwamba, choyamba kutembenuka chikhale chiuno, kenaka mapeŵa, kenaka mikono, manja pomalizira. Munthu amene chiuno chake chidathyokapo ndiye adaphunzitsa dziko kuti ulendo wa ndodo umayambira m'chiuno.

Asayansi aloŵa m'bwalo

Mu 1968 ku Britain kudatuluka buku la Search for the Perfect Swing, lolembedwa ndi Alastair Cochran, katswiri wa fizikisi, ndi John Stobbs, mtolankhani. Lidali chipatso cha kafukufuku wa zaka zingapo wa gulu la asayansi. Zimene adapeza zidagwetsa zikhulupiriro zambiri.

Choyamba, mutu wa ndodo umakhudzana ndi mpira kwa kanthaŵi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 2,000 a sekondi imodzi. Pamene uthenga wa kugundako ukufika m'manja ndi ku ubongo, mpira umakhala utapita kale. Motero palibe munthu angathe kuwongolera mpira pa nthaŵi youmenya. Zonse zimakhala zitatha kale kumbuyo. Chachiŵiri, ofufuzawo ankazimitsa magetsi mwadzidzidzi oseŵera ali mkati momenya, ataŵauza kuti mdima ukagwa aime. Ndodo ikangoyamba kutsika, palibe amene ankatha kuiimitsa. Ulendo wotsikawo umangotenga pafupifupi kota ya sekondi, ndipo ubongo sungathe kusintha lamulo limene watumiza kale.

Chachitatu, iwo adafanizira kamenyedwe konse ndi akatungwe aŵiri olumikizana. Katungwe wa pamwamba ndi mapeŵa ndi mikono, zozungulira pa malo a pakati pa mapeŵa. Katungwe wa m'munsi ndi ndodo, yolendeŵera pa mfundo ya dzanja. Wa pamwamba amayamba kuthamanga, mfundo ya dzanja ili chipindire. Akayamba kuchepetsa liŵiro, mphamvu yake imasamukira ku ndodo, ndipo mutu wa ndodo umadutsa pa mpira mothamanga koposa. Woyendetsa ngolo ya ng'ombe amaidziŵa bwino nzeru imeneyi: mkono wake suthamanga kwenikweni, koma nsonga ya chikoti imalira chifukwa mkonowo waima pa nthaŵi yake.

Makina a m'zaka zotsatira adatsimikiza ndondomekoyi. Zipangizo zomata pathupi zidaonetsa kuti mwa akatswiri chiuno chimafika pa liŵiro lake lalikulu poyamba, kenaka chifuwa, kenaka mkono, ndodo pomalizira, ndipo chiŵalo chilichonse chimachepetsa liŵiro kuti chipatsire chinzake. Masikelo oikidwa pansi pa mapazi adaonetsa kuti katswiri amayamba kuponda ndi phazi lamanzere ndodo isadamalize kukwera, kenaka amakankha nthaka mwamphamvu ngati wofuna kudumpha. Pa akatswiri aamuna a ku America, mutu wa ndodo yaitali umafika pa mpira pa liŵiro la makilomita pafupifupi 180 pa ola. Magulu aŵiri aja adapezeka kuti onse adagwira mbali ya choona: mphamvu imayambira pansi ndi m'thupi, monga adanenera Kincaid, koma imafika pa mpira pokhapokha manja atamasuka n'kulola ndodo kuzungulira, monga adanenera Ernest Jones.

Matupi osiyana, njira zosiyana

Mbiri ya amai pa maseŵeraŵa ikuonetsa kuti nthaŵi zina chomanga thupi si fupa kapena mnofu, koma mwambo. Cha m'ma 1890 ku Britain amai ankaseŵera atavala masiketi ofika pansi ndi zomanga m'chiuno zothina, ndipo ena ankalemba kuti n'kosayenera kuti mai akweze ndodo kupitirira pheŵa. Zovala ndi maganizo zitasintha, kudatuluka Joyce Wethered wa ku England, amene Bobby Jones adamtama kwambiri, ndiponso Mickey Wright wa ku America, amene adapambana mipikisano 82, ndipo 13 mwa iyo idali ikuluikulu. Hogan mwini wake ankati kamenyedwe ka Wright kadali kabwino koposa konse kamene iye adakaona.

Kumwera kwa Africa kudachokera maphunziro atatu. Gary Player, wobadwa ku Johannesburg mu 1935, mwana wa munthu wogwira ntchito ku migodi ya golide, adali wamfupi pomuyerekeza ndi anzake a ku America. Pofuna kufika pamene iwo ankafika, adayamba kuthamanga ndi kunyamula zitsulo, pa nthaŵi imene ambiri ankakhulupirira kuti minofu yambiri imaumitsa thupi. Adamseka, koma iye adatenga zikho zikuluzikulu 9.

Phunziro lachiŵiri lidachokera kwa Sewsunker Sewgolum, wodziŵika ndi dzina lakuti Papwa, mmwenye wosauka wa ku Durban amene ankanyamulira azungu ndodo. Popeza padalibe womphunzitsa, ankagwira mpini chotembenuza, dzanja lamanzere lili m'munsi mwa lamanja, njira imene mabuku onse ankaikana. Ndi kagwiridwe komweko adapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndiponso wa Natal Open mu 1963 ndi 1965. Ulendo wachiŵiriwu adagonjetsa Gary Player yemwe. Chithunzi chake akulandira mphotho panja, mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamlola kuloŵa m'nyumba ya kalabu, chidafalikira dziko lonse lapansi. Boma lidamtsekera mipikisano, ndipo adamwalira mu umphaŵi mu 1978. Manja ake adaonetsa kuti mpira sufunsa m'mene munthu wagwirira mpini; umangomvera liŵiro ndi kumene mutu wa ndodo wapenya.

Lachitatu lidachokera kwa David Leadbetter, mphunzitsi wobadwira ku England koma wokulira m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Kuyambira 1985 adaphwasula kamenyedwe ka Nick Faldo n'kukamanganso, kuti minofu ikuluikulu ya msana ndi miyendo izilamula, manja azingotsata, popeza manja ndiwo amayamba kunjenjemera mtima ukagunda. Kwa zaka ziŵiri Faldo sadapambane chikho chodziŵika. Mu 1987 adatenga chikho cha Open ku Muirfield, ndipo pamapeto pake adasonkhanitsa zikho zikuluzikulu 6. Nick Price, amene adakuliranso ku Zimbabwe naphunzira kwa Leadbetter yemweyo, adakhala woseŵera woyamba pa dziko lonse mu 1994. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtengo umene msana ulipira

Nzeru zonsezi zidaonjeza mtunda. Mu 1980 akatswiri a mipikisano ya ku America ankamenya mpira woyamba mtunda wa mayadi pafupifupi 257, kutenga pakatikati. Pofika 2023 udali pafupifupi mayadi 300. Mipira ndi ndodo zatsopano zidathandiza, koma matupi nawonso adaumirizidwa.

M'zaka za m'ma 1970 ambiri ankatsanzira Jack Nicklaus, mwini zikho zikuluzikulu 18, amene ankakankha ndi miyendo mutu uli m'mbuyo, kotero ankamaliza msana utapindikira chagada ngati uta. Kaimidwe kameneka kankapanikiza mafupa a m'munsi mwa msana. Nicklaus mwini wake adavutika ndi msana, ndipo mu 1999 adamuika mfundo ya chiuno yochita kupanga kumanzere.

Mu 1992 mphunzitsi Jim McLean adafalitsa mfundo imene adaitcha X-Factor. Iye adaona kuti omenya patali amatembenuza mapeŵa kwambiri pamene chiuno chatembenuka pang'ono, mwachitsanzo mapeŵa madigiri 90 ndi chiuno madigiri 45, kotero thupi limapotoka ngati nsalu yofinyidwa. Achinyamata ambiri adayamba kuumiriza chiuno kuti chisatembenuke, chidendene chili pansi. Koma mafupa a m'munsi mwa msana adalengedwa kuti aziŵerama ndi kuŵeramuka. Kuzungulira amazungulira pang'ono zedi. Ntchito yozungulira ndi ya mfundo za m'chiuno ndi msana wa kumtunda. Ziŵalo zimenezi zikauma kapena zikaletsedwa, katundu amagwera pa msana wa m'munsi. Kafukufuku wa Hosea ndi Gatt ku America, cha m'ma 1990, adapeza kuti pomenya mpira mafupa ameneŵa amapanikizidwa ndi mphamvu yofika kasanu ndi katatu kulemera kwa thupi la munthuyo.

Palibe amene adaonetsa phindu ndi mtengo wa kamenyedwe kamakono kuposa Tiger Woods. Mu 1997, ali ndi zaka 21, adapambana mpikisano wa Masters atasiya womtsatira ndi mamenyedwe 12. Iye mwini adafotokozapo kuti akafuna kuonjeza mtunda ankaongola bondo lamanzere mwadzidzidzi pomenya. Mu 2008 adapambana US Open ku Torrey Pines atayenda maenje 91, mtsempha wa bondo lomwelo uli woduka ndiponso fupa la msongolo lili ndi ming'alu iŵiri. Adachitidwa opaleshoni ya msana mu 2014, kaŵirinso mu 2015, ndipo mu Epulo 2017 madokotala adalumikiza mafupa aŵiri a m'munsi mwa msana wake kuti akhale limodzi. Ambiri adati kwake kwatha. Koma adaphunzira kumenya ndi msana umene udatsalawo, ndipo mu 2019 adatenganso chikho cha Masters, chikho chake chachikulu cha 15.

Chifukwa cha zoterezi, aphunzitsi ambiri tsopano amayamba ndi kuyesa thupi la wophunzira asadamgwiritse ndodo: chiuno chake chimatembenuka kufika pati, msana wa kumtunda ndi womasuka motani, angathe kuima ndi mwendo umodzi kwa nthaŵi yotani. Ena amalangiza achikulire ndi odwala msana kuti abwerere ku njira ya Vardon ndi Bobby Jones, yolola chidendene kunyamuka ndi chiuno kutembenuka pamodzi ndi mapeŵa, kenaka kumaliza ataima chilili.

Omvera ambiri mwina sadzagwirapo ndodo ya gofu, koma mafupa ndi minofu zimene zakambidwa pano ndi zomwe zija zimagwira khasu, nkhwangwa ndi munsi. Wodula mtengo amene amamenya ndi mikono yokha amatopa dzuŵa lisadafike pamutu, ndipo wolima amene aumitsa maondo n'kumapotoza msana amadzuka m'maŵa akugwira m'chiuno. Wozoloŵera ntchito amaponda nthaka, napinda maondo, natembenuka ndi chiuno, nalola kulemera kwa chitsulo kumalize ntchitoyo. Kuchokera pa zolemba za Kincaid mu 1687 kufikira pa makina oyesera a masiku ano, oseŵera gofu akhala akuphunzira ndondomeko yomweyo, ena m'mabuku, ena pa bedi la m'chipatala.